Shopu ya Telala Yopanda Sizasi

Lolemba limenelo Mayi Choko anadzuka wotchi isanalire. Anakhala m'mphepete mwa bedi, mapazi pansi, kudikira kuti kulemera kumene kunkamukhala pachifuwa m'mawa uliwonse kufike. Anadikira ndithu, koma sikunafike. Chimene chinafika ndi njala, njala yeniyeni ya munthu wofuna kudya, ndipo anayamba kuseka yekha mpaka mwamuna wake anatulutsa mutu m'bulangeti.

"Mwalota chiyani, mayi?" anafunsa mwamunayo.

"Sindinalote kanthu, bambo. Ndikupita kuntchito."

Dzina loti Choko anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa kwa zaka makumi awiri palibe anamuonapo wopanda choko cholembera nsalu kuseri kwa khutu. Anali telala, mwini shopu ya makina atatu, ndipo ntchito yake yeniyeni inali yodula. Mng'ono wake ankasoka. Bambo wina wachikulire, amene onse ankangowatchula kuti a Simbi, ankasita. Koma panali patatha masabata asanu ndi awiri Mayi Choko asanaponde m'shopumo.

Matenda ake sanabwere ndi kutentha thupi kuti anthu aone n'kumvetsa. Choyamba chinathawa ndi tulo. Kenako chakudya chinasiya kukoma. Kenako anayamba kuima patebulo lodulirapo, sizasi ili m'manja, nsalu atayala kale, ola lathunthu osadula. Akafunsidwa ankati ali bwino, poti kunena kuti "ndili bwino" inali ntchito imene ankaidziwa kuposa kusoka. Tsiku lina analephera ngakhale kudzuka, ndipo mwamuna wake anapita naye kuchipatala. Kumeneko namwino wina wa mawu odekha anamuuza kuti amenewa ndi matenda ovutika maganizo, kuti si ulesi, si misala, ndiponso kuti si iye woyamba kukhala pampandowo. Anamupatsa mapiritsi, n'kumuuza kuti azibwera Lachinayi lililonse kudzacheza. Panali sabata imodzi yoipa kwambiri pamene maganizo ofuna kudzipha anamufikira, ndipo anauza namwinoyo ndi mwamuna wake. Sabata imeneyo inadutsa. Zina zinatsatira, iliyonse yopepukirako kuposa inzake.

Lachinayi lapitalo anapangana ndi namwinoyo zinthu zochepa. Abwerere kuntchito, koma aziweruka masana. Aziyenda pansi pang'ono tsiku lililonse. Azidya pa nthawi yake. Ndipo tsiku lolemera likafika, alitchule pakamwa kwa munthu wina, asalimeze.

Ndiye panalinso nkhani ya nsalu ina. Lachisanu mayi wina anamuimbira foni kuti mwana wake akukwatiwa pakatha masabata awiri, nsalu ya lesi ya diresi la ukwati yakhala m'shopumo nthawi yonseyi, ndipo safuna munthu wina aikhudze. Nsaluyo inali yongokwanira ndendende, yosalola kulakwitsa. Mayi Choko atamva zimenezi zala zinayamba kumuyabwa. Loweruka ndi Lamlungu anadula diresilo m'mutu mwake mwina kakhumi.

Anatsika basi asanafike pashopu, monga anapanganirana, n'kuyenda pansi mtunda wotsalawo. Anapatsa moni wosoka nsapato, anapatsa moni wogulitsa nyuzipepala, anapatsa moni ngakhale mlonda wa pasitolo ya mipando amene anayambana naye chaka chatha pa nkhani ya zinyalala. Ankayang'ana zovala za anthu odutsa ndi diso lake lakale lija. Uyu kolala wapendekeka. Uyo mpendero waufupi kutsogolo. Anadzipeza akusangalala ndi zolakwa za matelala anzake ngati wakumana ndi abale.

Atangolowa m'shopu, mng'ono wake analumpha pamakina n'kumukumbatira mpaka choko chinagwa. Mayi Choko anachitola n'kuchibwezera kukhutu. A Simbi anaika simbi pansi n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. Anali atavala jekete lochindikala, mabatani otseka mpaka m'khosi, ngakhale kuti pamalo awo ositirapo pamatentha kuyambira m'mawa.

"Mwatipeza, mayi, mwatipeza," anatero a Simbi. "Shopu ino inali ngati nyumba yopanda denga."

"Nanga jeketelo, a Simbi? Mukudwala?"

"Kachimfine chabe," anayankha, thukuta lili kamukamu pamphumi.

Shopu inali itasesedwa mpaka m'makona. Pawindo panali mpando wofewa umene Mayi Choko sanauonepo, pampandopo pali pilo, pambali pake kampando kena kokhala ndi kapu ya madzi ndi chitini chachikulu cha mabatani.

"Khalani apa, achemwali," anatero mng'ono wake. "Mabataniwa asakanikirana kwambiri. Muzingosankha pang'onopang'ono, oyera kwaokha, akuda kwaokha. Palibe chothamangira."

Mayi Choko anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala, n'kulunjika kutebulo lake. Analisisita ndi chikhatho. Anakoka nsalu ya lesi pashelefu, n'kuivundukula pang'ono, ndipo mpweya unamuthera. Inali yokongola kuposa mmene anaiganizira, maluwa ake akuyenda mbali imodzi, moti wodula ayenera kuwatsata ngati akutsata njira. Anatambasula dzanja kumsomali wa pakhoma osayang'ana n'komwe, monga ankachitira tsiku lililonse. Dzanja linagwira msomali wokha.

"Sizasi yanga ili kuti?"

"Inapita kokanoletsa," mng'ono wake anayankha msanga, maso ali pa singano.

"Chabwino, ndipatse yakoyo."

"Nayonso inapita."

"Kaja kakang'ono kodulira ulusi?"

"Onse anapita limodzi, achemwali. Wonolayo anati akatenga onse nthawi imodzi amanola bwino."

A Simbi anatsokomola n'kuyamba kusita malaya amene anali atawasita kale.

Mayi Choko anakhala pampando wofewa uja, osati chifukwa chofuna, koma kuti aone bwino. Ndipo anaona zinthu zimene sanazionepo m'shopu ya telala aliyense. Mng'ono wake akamaliza msoko ankawerama n'kuluma ulusi ndi mano. Atafuna kansalu ka thumba, anang'amba ndi manja, nkhope itakwinyika. A Simbi, amene mano otsala m'kamwa mwawo munthu angawawerenge ndi dzanja limodzi, anapeza ulusi ukulendewera pa thalauza. Anauyang'ana, anayang'ana Mayi Choko, kenako anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulimbana nawo ndi dzino lam'mbali. Akamayenda, jekete lawo linkalira ngwerengwere.

Posakhalitsa kunalowa kasitomala wofuna kufupikitsa thalauza. Mng'ono uja anamuyeza, anakweza wailesi, n'kulowa ndi thalauzalo m'chipinda cha kumbuyo. A Simbi anamutsatira. Chitseko chinatsekedwa. Patapita mphindi ziwiri anatuluka onse, thalauza litadulidwa bwinobwino, mzere wowongoka umene mano a munthu sangaudule.

Apa Mayi Choko anamvetsa, ndipo chimwemwe chonse cha m'mawa chija chinatsika ngati madzi m'beseni lobooka. Manyazi anamugwira kaye, kenako mkwiyo. Anthu awiri amene anagwira nawo ntchito zaka zonsezi anamubisira masizasi m'shopu yake yomwe. Anamugulira mpando kuti akhale, aziwaonerera.

Anatsegula chitini n'kuyamba kusankha mabatani. Loyera uku, lakuda uko. Ndi mmene ankachitira moyo wake wonse, kumeza mawu manja akugwira ntchito. Atafika pa batani lachikhumi ndi chiwiri anamva kulemera kuja kukubwerera pachifuwa, pang'onopang'ono, pamalo pake pomwe paja. Anachita mantha. Anadziwa kuti akakhala chete pampandowu lero, mawa adzakhalaponso, ndipo pakutha pa mwezi iye mwini adzayamba kukhulupirira kuti ntchito yake ndi ya mabatani.

Foni ya mng'ono wake inalira. Anailandira akunong'ona, dzanja litaphimba pakamwa, koma shopuyo ndi yaing'ono.

"Abwera, inde, koma sanalimbe. Mwina nsaluyi tingoipereka kwa telala wa kutsidya kwa msewu atidulire, ife tidzasoke. Ndiipititsa masana ano."

Mayi Choko anatseka chitini. Anaimirira, anapita pamene panali wailesi n'kuizimitsa.

"Auze mayi a lesiwo kuti uwaimbiranso," anatero. Mng'ono wake anadula foni. "A Simbi, ikani simbiyo pansi, mungawotche malaya a eni ake. Ndikufuna tilankhule tonse atatu. Lero ndinabwera ndili wosangalala kwambiri. Panopa pachifuwa panga payamba kulemera, ndipo ndinalonjeza kuti zikatero ndizinena. Ndiye ndikunena. Masizasi sanapite kokanoletsa."

A Simbi anayang'ana kudenga.

"Iwe mng'ono wanga, ndiyang'ane. Mwandibisira chifukwa chiyani?"

Mng'ono wake anayesa kumwetulira, koma milomo inakana. Misozi inayamba kutsika asanalankhule.

"Achemwali, mukudziwa amene anachotsa mipeni kukhitchini kwanu sabata ija? Alamu anandiimbira ali kuchipatala. Anati namwino wanena kuti zakuthwa ndi mankhwala zichoke m'nyumba inu musanafike. Ndinapita ndekha. Ndinatola mpeni uliwonse ndi manja angawa, ngakhale kaja kosendera mbatata, n'kukulunga m'thawulo. M'basi ndinaika pamiyendo njira yonse. Ndiye lero mulowe muno, ine ndikupatseni sizasi yaitali ngati mkono wangawu? Sindingathe."

Mayi Choko sankadziwa zimenezi. Ankaganiza kuti anachotsa ndi mwamuna wake. Anayang'ana mng'ono wakeyo, mwana amene anamubereka kumsana ali wakhanda, ndipo mkwiyo unamuthera. Chimene chinatsala ndi chisoni, ndi chikondi chachikulu.

"Unachita bwino," anatero. "Sabata imeneyo unachita bwino kwambiri, ndipo zikomo. Koma iwe watsala m'sabata imeneyo, ine ndinatulukamo. Mipeni inabwerera kukhitchini masabata atatu apitawo, namwino atavomera. Dzulo lomweli ndadula anyezi, kabichi, nyama. Alamu ako sanakuuze?"

"Sindinawafunse."

"Inenso sunandifunse. Wabwera kunyumba kangati? Umandifunsa ngati ndadya, ngati ndagona, ngati ndikufuna zipatso. Funso lenilenilo umalizungulira."

"Ndimaopa," mng'ono wake anatero motsitsa mawu. "Ndimaopa kuti ndikalitchula ndikukumbutsani, mwina munaiwala."

"Zimenezo siziiwalika, ndipo kufunsa sikuika maganizo m'mutu mwa munthu. Namwino amandifunsa Lachinayi lililonse, maso ndi maso, mosapita m'mbali. Akandifunsa ndimapepukidwa, chifukwa ndimadziwa kuti sindili ndekha ndi nkhaniyo. Chimene chimalemera ndi ichi mwachita lerochi, kunong'onezana, kutseka zitseko, kudya ulusi ngati mbewa."

A Simbi anatulutsa kaphokoso kamene kanayamba ngati kuseka n'kuthera m'chifuwa.

"Ndifunse," anatero Mayi Choko.

Mng'ono wake anapukuta maso ndi kansalu kamene anang'amba kaja. Anagwira m'mphepete mwa makina ndi manja onse awiri. Mawu atatuluka, anatuluka ang'onoang'ono, koma athunthu.

"Achemwali, maganizo ofuna kudzipha aja alipobe?"

"Ayi. Lero palibe. Mwezi wathunthu tsopano sanabwere. Sindikulonjeza kuti sadzabweranso, chifukwa matendawa sindinawamalize, ndikumwabe mankhwala. Koma akadzabwera ndidzakuuza, iwe ndi alamu ako ndi namwino. Tsiku limenelo udzabise chilichonse, sindidzakwiya. Ndipo usadikire kuti ndiyambe ndine. Uzindifunsa."

Mng'ono wake anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo. Anagwedeza mutu kangapo, kenako anatembenuka.

"A Simbi, vulani jekete."

A Simbi sanadikire kuuzidwa kawiri. Anamasula mabatani mofulumira, n'kuyala jeketelo patebulo. M'kati mwake mng'ono uja anali atasokereramo matumba asanu aatali, ndipo m'thumba lililonse munali sizasi. Yaikulu ija inali kumsana. Kunalinso malezala awiri okulungidwa m'pepala ndi kachitsulo kosomolera misoko.

"Kuyambira m'mawa sindinakhale pansi, mayi," anatero a Simbi, akudzikupiza ndi nyuzipepala. "Ndikati ndiwerame, yaikuluyi imandikumbutsa kuti ilipo. Ndimati lero ndikafika kunyumba ndili zidutswazidutswa."

Mayi Choko anaseka mpaka anagwira tebulo. Mng'ono wake anaseka misozi ikutsikabe. Ngakhale wosoka nsapato wa panja paja anasuzumira pakhomo kuti aone chimene chachitika.

"Matumbawa wasoka bwino," Mayi Choko anatero atapezanso mpweya. "Msoko wowongoka. Chotsa mpandowo pawindo, ukutchinga kuwala. Imbira mayi aja, uwauze kuti diresi likudulidwa panopa."

Anayala lesi yonse patebulo. Anatenga tepi, anatenga choko kukhutu, ndipo thupi linakumbukira lokha. Anayeza chifuwa, chiuno, kutalika, akutchula manambala mokweza, mng'ono wake akuvomera kuchokera m'buku la miyeso. Anatembenuza nsalu kawiri kufunafuna pamene maluwa adzakumane pamsoko wa kumbuyo. Atapapeza anaomba m'manja kamodzi. Anabaya mapini, anajambula mizere, kenako ananyamula sizasi. Inali yofunda chifukwa cha msana wa a Simbi.

Dzanja linanjenjemera pang'ono. Sanabise.

"Taona, likunjenjemera," anauza mng'ono wake. "Gwira nsalu mbali iyo."

Anadula. Sizasi inalowa mu lesi n'kuyenda, kuzungulira duwa, kutsika, kukhota pachiuno. Pofika kumapeto kwa mzere woyamba dzanja linali litakhazikika, ndipo chisangalalo chinamukwera kuchokera m'zala mpaka kumaso. Anadula kutsogolo. Anadula kumbuyo, zidutswa ziwiri, n'kuzigundanitsa kuti aone, ndipo maluwa anakumana ngati nsalu sinadulidwe. A Simbi anasiya ntchito yawo n'kudzaima pafupi, manja kumbuyo. Mayi Choko ankayimba chapansipansi osadziwa kuti akuyimba. Anadula siketi, yotambalala, yodya nsalu, akuwerengera chala chilichonse chotsala. Anadula mkono woyamba.

Foni yake inalira m'chikwama. Inali belu limene anatchera yekha m'mawa. Nthawi inali itakwana twelofu.

Anaima, sizasi ili m'manja. Patebulo panatsala mkono umodzi wokha, ndi kansalu kongokwanira mkonowo. Inali ntchito ya mphindi khumi ndi zisanu. Koma iye ankazidziwa mphindi khumi ndi zisanu zakezo. Pambuyo pa mkono pamabwera kolala, pambuyo pa kolala nsalu ya m'kati, ndipo munthu amadzazindikira dzuwa litapendeka, osadya, mutu ukuwawa, akuuza aliyense kuti ali bwino. Anamvetsera thupi lake. Msana unali utayamba kudandaula, ndipo m'mutu munali kutopa kwa munthu amene wasangalala kwambiri tsiku limodzi.

"Ndatopa," anatero.

Mng'ono wake ndi a Simbi anayang'anana. Pa zaka zonse zimene anagwira naye ntchito, mawu amenewo anali asanawamvepo m'kamwa mwake.

"Ndatopa, ndipo ndikupita kunyumba kukadya. Mkono winawu udula ndiwe."

"Ine? Lesi? Achemwali, simunandilolepo kudula ngakhale nsalu ya yunifolomu."

"Ndikudziwa. Ndinkaganiza kuti ndikapanda kugwira ndekha chilichonse shopu igwa. Waona kumene zinandifikitsa. Masabata asanu ndi awiri wadula wekha muno, ndipo shopu ilipo." Anatembenuza sizasi n'kumupatsa chogwirira. "Ika mkono woyambawu pamwamba, nkhope ndi nkhope, maluwa ayang'ane pansi. Usakoke nsalu, ingoitsata."

"Nanga ndikalakwitsa? Palibe ina yotsala."

"Ukalakwitsa udzandiuza mawa, tidzakanda mitu tonse."

Anatenga chikwama n'kutuluka. Sizinali zophweka. Mtima unkamuuza kuti abwerere akaime kumbuyo kwa mng'ono wakeyo, angoonerera chabe, angoloza ndi chala. Miyendo inapitirira kuyenda. Anali atadutsa pa wosoka nsapato pamene anamva mapazi akuthamanga kumbuyo kwake.

Anali mng'ono wake, sizasi yaikulu ija ili m'manja, anthu a mumsewu akumupatuka.

"Wadula kale?" anafunsa Mayi Choko.

"Ayi, sindinayambe. Ndimafuna ndidziwe kaye." Anapuma wefuwefu. "Kunyumbako mukapeza munthu? Mukhala bwino masana ano?"

"Alamu ako akubwera kudzadya. Ndikhala bwino."

"Mawa mubwera?"

"Mawa ndibwera," anatero Mayi Choko. "Ndipo ndikangolowa, undifunsenso."